Pusi Anagwera M'munda mwa Yani?

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Palibe mwana wa kuno amene anakula osaumva mwambi umenewu, makamaka pa nthawi ya chakudya, dzanja lina lili m'mbale ya nsomba, lina likufufuza chipalapasiro cha nkhuku. Akulu akaunena timamuseka pusi, dzanja n'kubwerera, nkhani n'kuthera pomwepo. Wadyera wadzipweteka yekha, basi.

Koma mwambiwu unasiya funso panjira. Pansi pa mtengo uja panali chiyani? Kuchigwa cha Shire kuno mtengo wa zipatso sumera pa dziko lopanda mwini. Msawu, bwemba kapena mlambe umakhala m'malire a munda wa munthu, mwina kuseri kwa nyumba yake. Pansi pake pali mapira amene atsala pang'ono kucha, pali thadzi lofungatira mazira, kapena mwana amene amake amugoneka pa mphasa chifukwa m'nyumba simukugoneka ndi kutentha. Pusi akagwa, msana wake upola, mawa akweranso. Mapira athyoka aja sadzuka, chonsecho mwini wake sanakwere mtengo uliwonse.

Munthu wina amene anayang'ana pansi pa mtengo anali Epicurus, Mgiriki wobadwira pa chilumba cha Samos m'chaka cha 341 Khristu asanabadwe, amene anamwalira ku Athens mu 270. Cha m'ma 306 anagula munda mumzinda umenewo, ndipo ophunzira ake ankasonkhana momwemo, mwakuti sukuluyo imadziwika ndi dzina loti Munda mpaka lero. Ankalandira amayi ndi akapolo, chinthu chimene anzake anzeru ankachiona ngati chochititsa manyazi. Analemba mabuku ochuluka zedi koma pafupifupi onse anatayika. Zimene zinatsala ndi makalata atatu, mfundo zikuluzikulu 40, zidutswa zina, ndi timawu tifupitifupi timene tinapezeka m'buku lakale m'nyumba ya mabuku ya ku Vatican n'kusindikizidwa mu 1888. Kamodzi mwa timawu timeneti kamamanga pamodzi zinthu ziwiri zimene ife timakonda kuzilekanitsa. Ndikakanena m'mawu anga, mtima wokhazikika umaonekera pawiri: mwini wake amagona tulo, ndipo woyandikana naye amagonanso.

Ife kukhutira timakuona ngati nkhani ya munthu ndi mimba yake, pomwe kulemekeza mtendere wa anzathu timakuika ku mwambo, ku zimene anankungwi ndi atsibweni amalangiza. Mkuluyu akuti zonsezi n'chingwe chimodzi. Ukaona munthu akusowetsa mudzi tulo, palibe chifukwa chomufunsa ngati ali wokhutira, yankho laoneka kale. Ndipo ukafuna kudziwa ngati iweyo wakhutira, usadzifunse wekha, chifukwa mtima umadzikonda. Yang'ana nkhope ya amene munda wake wagundana ndi wako.

Chifukwa chake anachifotokoza pogawa zilakolako patatu. Pali zachibadwa zimene munthu sangakhale popanda izo: madzi, nsima, chofunda, pogona, ndi mnzake wocheza naye. Pali zachibadwa koma zoti munthu atha kukhala bwinobwino popanda izo, monga ndiwo zonona tsiku lililonse. Ndiye pali zimene thupi silinapemphe n'komwe, zongobadwa m'maso ndi m'makutu: kutchuka, mpando, kuti ukamadutsa anthu azinong'onezana. Zoyambazo zili ndi polekezera. Ludzu la mwezi wa Okutobala ku Chikwawa, pamene kutentha kumapyola madigiri 40, n'loopsa, koma chikho chachitatu chimalithetsa. Ludzu lofuna kuomberedwa m'manja silinamwepo n'kunena kuti zikomo ndakhuta. Tsono munda wa munthu uli ndi malire, nkhokwe yake ili ndi denga. Njala yopanda malire ikatha za pakhomo, ilibe kwina kopita koma kudumpha mzere. Dyera limasanduka chisokonezo pa malire pomwepo, osati chifukwa mwini wake ndi mfiti kapena wankhanza, koma chifukwa za pakhomo pake zatha iye asanakhute.

Mbiri ya chigwa chino ikuchitira umboni: ufumu wa Kasisi wa kuno ku Chikwawa unayamba pa nthawi imene tulo tinasowa m'chigwa chonse. Zaka za 1862 ndi 1863 kunagwa chilala ndi njala yoopsa. Kumapiri kunali nkhondo za ogwira akapolo, kumunsi kwa mtsinje kunali magulu a mfuti ochokera ku minda ya Apwitikizi ku Zambezi. Amang'anja anabalalika, midzi inasanduka mabwinja, ndipo amishoni amene anali kwa Chibisa analemba za mitembo yoyandama mu Shire. Ena mwa amishoniwo anafera komweko, manda awo alipo pafupi ndi boma la Chikwawa. M'chipwirikiti chimenechi munali kagulu kochepa ka anthu amene David Livingstone anabwera nawo kuchokera kwa mfumu Sekeletu, kumtunda kwa Zambezi, amene timawatcha Akololo. Anali onyamula katundu ndi opalasa ngalawa, alendo opanda munda kapena mbumba. Koma anali ndi mfuti. Livingstone atachoka mu 1864 iwo anatsala, ndipo anthu othawa nkhondo anayamba kukhamukira kumalinga awo.

Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Awa sanakamuke. Pasanathe zaka khumi anali atagawana mtsinje kuyambira ku mathithi mpaka ku Ruo, ufumu wakale wa Lundu utaphwanyidwa, ndipo unadzabwezeretsedwa patapita zaka zambiri. Mkulu wawo anali Ramakukan, amene anthu ankamutcha Kasisi, ndipo anakhala kumtunda kuno pafupi ndi mathithi. Maina a anzake mpaka lero ndi maina a maufumu: Katunga, Maseya, Mlilima. Kunalinso Mlauli, ndi Chipatula amene anakhala kumunsi.

Nkhani yawo siyolunjika ngati nthano ya kalulu ndi fisi, yoti uyu wabwino uyu woipa. Anateteza anthu kwa ogula akapolo, ndipo m'malinga awo munthu ankatha kulima n'kukolola. Mu 1875, amishoni a Livingstonia motsogozedwa ndi E.D. Young atafika ndi sitima ya Ilala, mafumu amenewa ndi amene anapereka anthu mazanamazana oinyamula zidutswazidutswa kulambalala mathithi, ulendo wa masiku angapo m'miyala ndi dzuwa, ndipo amishoniwo anachita chidwi kuti palibe chidutswa chinasowa. Ana a mafumuwa anali m'gulu la ophunzira oyambirira pa mishoni ya Blantyre. Koma mtendere umene ankapereka unali wogulitsa. Mtengo wake unali kulima m'minda ya mfumu, kupereka minyanga ya njovu kwa mfumu, ndi kupereka ana aakazi ku nyumba ya mfumu. Wothawa mkango analowa m'linga, n'kupeza kuti mwini linga nayenso ali ndi njala yake.

Epicurus anawaganizirapo anthu otere. Ankati ena amafuna mphamvu ndi kutchuka poganiza kuti akakwera pamwamba palibe adzawakhudze, ndipo muyeso wake ndi wosavuta: kodi akafika pamwambapo amagona? Chipatula ndiye yankho. Anatchuka ndi chuma komanso nkhanza, anali ndi anthu, mfuti ndi minyanga. Mu 1884 anakangana ndi mzungu wina wamalonda, George Fenwick, pa nkhani ya malipiro a minyanga. Fenwick anamuwombera, anthu a Chipatula nawo anapha Fenwick. Anthu awiriwa anafa chifukwa cha mano a nyama imene inafa kale. Ndipo sanagwe okha. Mtsinje unatsekeka, sitima ya kampani ya Mandala inamizidwa, midzi inakhala mwamantha, ndipo chisokonezo chimenechi chinapatsa Angerezi ndi Apwitikizi chifukwa china cholowerera. Mu 1889 Mpwitikizi Serpa Pinto anakwera mtsinje ndi asilikali n'kumenyana ndi anthu a Mlauli, ndipo pofika 1891 dziko linali m'manja mwa Angerezi. Amene anabwera kudzakhazikitsa mtendere ulendo umenewu anabwera ndi msonkho wa nyumba, ndi mapepala olanda malo.

Sindikunena izi pofuna kudzutsa milandu ya makolo. Zidzukulu za Akololo lero ndi Amang'anja ngati wina aliyense, chilankhulo chimodzi, maliro amodzi, ndipo bwalo la Gogo Chalo Kasisi ndi kumene anthu amathawira akasowa mtendere. Ndikungoona kuti chigwa chino chaona mitundu yambiri ya anthu obwera ndi mawu oti tabwera kudzakutetezani, ndipo ndi ochepa amene anabwera atakhuta kale.

Pano ndiyenera kumutsutsa mkulu wa ku Athens uja, kapena kutsutsa amene amakonda kubwereka mawu ake. Akulu anati ukakhala pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Epicurus ankanena kuti mkate wa balere ndi madzi zimamukwanira, ndipo akafuna kuchita phwando ankapempha mnzake kamphika ka tchizi. Zokoma kumva. Koma munthuyu anali ndi munda wogula ndi ndalama zambiri, anali ndi abwenzi kutsidya kwa nyanja omutumizira thandizo, anali ndi akapolo amene anadzawamasula pa imfa yake. Kusankha kudya pang'ono nkhokwe ili yodzaza n'kosiyana ndi kudya pang'ono chifukwa nkhokwe inapita ndi madzi. Mayi amene anagona m'kalasi ya sukulu ndi ana ake madzi atasefukira mu Januwale 2015, kapena mu Malichi 2019, kapena namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, ukamuuza kuti akhutire ndi zimene ali nazo wamutukwana. Ali ndi chidebe ndi chitenje. Ndipo ulaliki wa kukhutira, ndaona ine, umakonda kutsika phiri pa galimoto yoziziritsa mkati, n'kukwera madzulo omwewo.

Komabe ndikamuwerenga modekha ndimapeza kuti sanauze wanjala kuti aiwale njala. Gawo loyamba lija, la madzi, chakudya ndi pogona, analitcha lofunika, kutanthauza kuti popanda ilo palibe mtendere woti tikambe. Mawu ake salunjika kwa amene alibe. Alunjika kwa amene zakwana koma sakudziwa kuti zakwana. Ndi mawu oyenera kukwera phiri, osati kutsika.

Ndipo pali nkhani imodzi imene imandichititsa kumukhulupirira. Cha m'ma 295 Khristu asanabadwe, mfumu Demetrius inazinga mzinda wa Athens mpaka chakudya chinatha, anthu n'kumalimbirana ngakhale khoswe wakufa. Mlembi wakale Plutarch, amene sankamukonda Epicurus ngakhale pang'ono, analemba kuti pa nthawiyi mkuluyu anapulumutsa anzake a m'Munda powawerengera nyemba, kugawana mofanana, iye mwini n'kulandira gawo lomwelo. Sanatseke chipata n'kudya yekha usiku. Sanatenge nyembazo kukagulitsa pa mtengo wa njala. Munthu amene anazolowera kudya pang'ono nthawi ya mwanaalirenji ndi amene dzanja lake silinjenjemera pogawa nthawi ya chilala.

Agogo athu sakanadabwa nayo nkhaniyi, chifukwa anali ndi dzina lake: chidyerano. Nyumba zoyandikana zinkatulutsa nsima ndi ndiwo pabwalo limodzi, abambo paokha, amayi paokha, ana paokha, ndipo aliyense ankatapa m'mbale iliyonse. Amene tsikulo anali ndi thelere lokha ankalawa nsomba ya mnzake, mawa zinthu n'kutembenuka. Mwana wamasiye sankadziwika pa nthawi ya chakudya. Katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala, amene anafufuza kwambiri za chigwa chino, analemba buku lathunthu lotuluka mu 2005 lokhudza kutha kwa mwambo umenewu. Ine chimene ndimaona m'chidyerano n'chakuti chinali chiletso cha dyera chosafuna wapolisi. Pabwalo sungadye mbamu zitatu mnzako asanathe imodzi, maso alipo. Sunganamenso kuti kwanu kulibe kanthu utsi wa nyama ukutuluka padenga. Ndalama itabwera, ya thonje, ya ganyu, ya ku minda ya nzimbe ku Nchalo, chakudya chinalowa m'nyumba, chitseko n'kutsekedwa. Chimanga chogula pa beseni chimawerengeka mosiyana ndi mapira a m'nkhokwe. Sindikudandaula kuti anthu anapeza ndalama, ayi, malata ndi fizi sizigulidwa ndi mwambo. Koma kuyambira pamene tinayamba kudya mobisa, palibe amene amadziwa kuti zokwanira n'zochuluka bwanji, chifukwa muyeso wake unali mbale ya mnzako.

Pabwalo la mfumu mfundo ya Epicurus imaweruzidwa chaka ndi chaka, ngakhale dzina lake silitchulidwa. Chigwa chino n'cha ng'ombe ndi mbuzi zambiri, ndiponso n'cha madimba, kumene anthu amabzala chimanga, mbatata ndi nyemba madzi akaphwa. Chilimwe chikafika pachimake udzu umatha kumtunda, msipu wobiriwira umatsala kudimba kokha. Mlandu wake aliyense amadziwa mawu ake usanayambe.

“Wawa amfumu, ng'ombe za achimwenewa zandithera dimba. Kachitatu aka.”

“Zikomo amfumu, ine sindikana. Koma ng'ombe ilibe nzeru, ndipo mbusa wake ndi mwana. Komanso alamuwa dimba lawo sanatchinge.”

Ndiye nduna ina yachikulire imafunsa mofatsa: “Kodi bambo, ng'ombezi zilipo zingati tsopano? Nanga abusa alipo angati?”

Funso limeneli ndi limene limathetsa mlandu. Ng'ombe zisanu mwana mmodzi amazikwanitsa. Zikafika makumi anayi mbusa akadali yemweyo, wosalipidwa bwino, wanjala, ndiye kuti mwini wake anaganiza kale, mwina osadziwa, kuti zotsalazo azidyetsa ndi anansi. Chuma chake chakula kupyola dzanja lake, ndipo chopyolacho chikugona m'dimba la mayi wamasiye. Epicurus ankati chilungamo sichinagwe kumwamba, ndi pangano chabe la anthu okhala pamodzi, loti ine ndisakupweteke, iwenso usandipweteke. Makolo athu ananena zomwezo mwachidule: nyumba ya mwini saotchera mbewa. Mbewa ndi yako, njala ndi yako, palibe akukuletsa kudya. Koma denga limene lingapse ndi la wina.

Mwambi umenewu ndimaukumbukanso usiku, zimkuzamawu zikayamba. Kuno nyengo yotentha anthu amagona panja, khoma palibe loti litchinge phokoso. Wina watsegula malo omwera mowa, wina ali ndi mapemphero a usiku wonse, wina walandira ndalama za thonje ndiye wagula wailesi ya mabatire aakulu. Onse akusangalala, ndipo palibe cholakwa kusangalala. Chondidabwitsa n'chakuti chisangalalo chake sichikoma pokhapokha mudzi wachitatu umve. Ng'oma ya kale inkamveka kutali, inde, koma inali yoitana, aliyense woimva anali ndi malo pabwalo, ndipo woimba akatopa inkaleka. Chimkuzamawu sichitopa ndipo sichiitana munthu, chimangomulanda tulo. Wopemphera amene mtima wake wapeza mtendere sindikhulupirira kuti amafunika kudzutsa wodwala malungo wa nyumba yachisanu kuti Mulungu amve.

Koma zazikulu zimachokera kumtunda. Aliyense amene anayendapo pa msewu wochoka ku Thabwa kukwera ku Blantyre anakumana ndi njinga za makala, matumba atatu kapena anayi pa njinga imodzi, mwini wake akukankha thukuta lili kamukamu. Munthu ameneyu sindingamutche wadyera. Ali m'gawo loyamba lija, akufuna ufa wa lero. Njala imene ikumeta mapiri si yake yokha, ndi ya mzinda wonse umene ukuphikira makala chifukwa magetsi ndi odula kapena azima, ndi ya amalonda a malole amene amagula motchipa n'kugulitsa modula. Phiri likameteka mvula siimanso. Imatsika ndi mchenga ndi miyala, mitsinje ngati Mwanza ndi Likhubula imakwiririka, ndipo madzi saiwala khwawa: akapeza khwawa lawo ladzaza mchenga amatsegula lina pakati pa mudzi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, pakhomo penipeni pa Kasisi, ndipo dziko linataya magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Magetsi atazima m'tauni, anthu anagula makala ochuluka kuposa kale. Apa sungaloze pusi mmodzi. Tonse tili mumtengo, ndipo amene ali pansi ndi wa ku Chikwawa ndi Nsanje.

Apa ndi pamene ndimasiyana naye kwenikweni mwini Munda. Iye ankalangiza ophunzira ake kukhala mobisika, kupewa ndale ndi mabwalo a mzinda, kutseka chipata n'kusangalala ndi abwenzi ochepa. Mwina ku Athens zinkatheka. Kuchigwa sizitheka, chifukwa mtsinje sudziwa chipata. Ungakhale wofatsa chotani, wosaba, wosakangana ndi munthu, madzi ochokera m'phiri lometedwa adzakupeza pa mphasa. Munthu wa kumunsi akakhala chete sakusunga mtendere, akungosungira wa kumtunda tulo. Kusasokoneza anzako n'kwina, kulola kuti akusokoneze n'kwinanso, ndipo pangano lija lili ndi mbali ziwiri. Mayi amene waima pa msonkhano wa boma n'kufunsa kuti chifukwa chiyani chaka chilichonse amalandira thumba la ufa m'malo moti mtsinje ukonzedwe, ameneyo si wosakhutira. Akungokumbutsa mbali yachiwiri ya panganolo.

Ku nkhalango ya Majete pangano lotere linachita kumangidwa ndi waya. Pofika zaka za m'ma 1990 njovu zonse za m'nkhalangoyi zinali zitaphedwa, njala ya minyanga yomwe ija ya nthawi ya Chipatula. Bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira malowa mu 2003, linazunguliza mpanda wamagetsi n'kubweretsanso zipembere, njovu, kenako mikango mu 2012. Mpandawo umauza njovu kuti munda wa mapira si wake, umauzanso munthu kuti nkhalango si yake. Midzi yozungulira inapezako tulo pa nkhani ya zilombo, ngakhale ena amakumbukabe kuti kale ankalowa momasuka kukatema nsungwi ndi kumweta udzu. Njovu zitaswana n'kuchuluka, zina zinasamutsidwira ku Nkhotakota mu 2017, chifukwa oyang'anira anadziwa kuti nkhalango ili ndi muyeso wake. Zimandiseketsa kuti muyeso wa njovu tinaupeza msanga kuposa wa ng'ombe.

Mayeso atsopano akubwera ndi ngalande. Ntchito ya boma yotukula chigwa cha Shire, yothandizidwa ndi World Bank ndi African Development Bank, ikukumba ngalande yaikulu yotenga madzi pa Kapichira n'kuwatsitsa okha popanda injini kulowera ku Bangula, ndi cholinga chothirira mahekitala opitirira 40,000. Dziko limene lakhala likupsa ndi dzuwa mtsinje waukulu ukudutsa pambali lidzatha kukolola kawiri kapena katatu pa chaka. Aliyense amene anaonapo chimanga chikufota mu Febuluwale sangaitsutse ntchito imeneyi. Alimi akupemphedwa kuphatikiza minda yawo m'makopaletivi, malire akale a mlambe ndi chulu n'kusanduka manambala a m'kaundula, aliyense n'kumalandira gawo molingana ndi malo amene anaperekapo. Anthu a ku Kasinthula ndi Phata anayenda kale njira imeneyi ndi nzimbe, ndipo amadziwa kukoma kwake ndi kulemera kwa ngongole zake.

Madzi akafika, malo amene dzulo anali tchire la mbuzi adzakhala ndi mtengo. Achibale amene anachoka kalekale adzakumbuka kuti agogo awo analima pamenepo. Anthu a m'tauni adzabwera ndi ndalama m'thumba kufunafuna amene ali ndi ngongole ya katapila kuti amugule gawo lake. Mkamwini ndi atsibweni adzayang'anizana pa dzina loti lilembedwe m'kaundula. Ndipo pa ngalande iliyonse ya padziko lapansi pamakhala wa kumutu ndi wa kumchira: wa kumutu akatsegula chipata chake ola limodzi kupyola nthawi yake, mbewu yake sionjezera kanthu kwenikweni, koma wa kumchira amapeza matope okha. Malamulo a makopaletivi angalembedwe bwino chotani, sadzaika mlonda pa chipata chilichonse pakati pa usiku. Milandu imeneyi idzafika pabwalo la Kasisi monga imafikira ya ng'ombe, ndipo nduna yachikulire ija idzayenera kuphunzira kufunsa za maola a madzi ndi mahekitala.